MFUTI ZIMENE ZINATSALA NKHONDO ITATHA

Omvera a m'Marapodi, makamaka awo amene kwao ndi ku Petauke, Katete ndi Chadiza, akumbukira bwino nkhondo ya ku Mozambique, pakuti inali kuseri kwa minda yao. Ankhondo a Renamo analumpha malire nadzapha anthu m'midzi, ndipo othawa nkhondo zikwi zambiri anasungidwa ku Ukwimi. Nkhondoyo inayamba mu 1977, nitha pa 4 October 1992, pamene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anapangana za mtendere mu mzinda wa Rome.

Panganolo linaletsa nkhondo, koma silinathe kusonkhanitsa mfuti zonse. Asilikali oposa 90,000 anamasulidwa kuti apite kwao, atapatsidwa makasu, mbeu ndi tindalama toyambira. Kungakhale kuwanamizira kunena kuti onsewo anasanduka mbala, pakuti oculuka anakalima. Koma ena anatengedwa ku nkhondo akali anyamata, osadziwa nchito yina, ndipo tindalamato titatha anakumbukira maenje a m'thengo m'mene anakwiriramo zida. Motero umbanda unakula. Galimoto zinali kulandidwa pa miseu ikuluikulu, ndipo anthu a ku Maputo amene anapulumuka nkhondo anayamba kuopa usiku.

Mfuti siidziwa malire. Ya mtundu wa AK-47 inali kugulidwa mochipa ndithu, niyenda cobisika kufikira ku Johannesburg, ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Munthu wa kantemba m'komboni ya Lusaka, amene kale anali kucinjiriza katundu wace ndi loko ndi galu, anakomana ndi mbala zonyamula cida ca nkhondo. Kodi loko angacite ciani pamenepo?

Mu 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anayamba kufukula maenje aja ndi kuononga zida, nchito imene anaicha Operation Rachel. Caka comweco Ambuye Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo anayesa njira yina. Iwo anazindikira kuti wosauka sangataye mfuti cabe, popeza ndico cuma cace cokha. Cotero wobweretsa mfuti sanali kufunsidwa mlandu, koma anali kulandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera. Mfutizo zinadulidwadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo mtengo wa citsulo umene unaonetsedwa ku British Museum, mu London, mu 2005.