Kodi ku Israel ndi Palestine Mtendere Udzafika?

(Mawu awa adayankhulidwa pa msonkhano wathu wapachaka mu mzinda wa Blantyre ndi mnzathu wa kalasi yomwe idalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 1998. Tawasindikiza popempha kwa ambiri amene sadafike.)

 Ndapatsidwa mphindi 20, ndipo woimba belu wandichenjeza kale kuti sandichitira chifundo, monga momwe sankatichitira masiku aja.

Poyamba ndinene kuti ndine wantchito wa boma, koma lero boma silidanditume. Zimene ndinene pano ndi za m'mutu mwanga, ndipo zikalakwika mundidzudzule ine.

Ena mwafunsa kuti bwanji komiti yasankha nkhani ya kutali chonchi pomwe denga la laibulale ya pasukulu pathu likudontha. Chifukwa chake mukuchidziwa, ngakhale simufuna kuchitchula. Anzathu awiri, wina Msilamu wa ku Bangwe, wina mkulu wa mpingo ku Chilomoni, anthu oti adagona hositelo imodzi zaka zinayi n'kumadyera limodzi nyemba zofumbwa zija, adakangana pa nkhani ya Gaza mpaka mmodzi adaleka kusonkha. Onse awiri ali muno, ndipo ndathokoza kuti abwera. Chifukwa china ndi changa. Mwana wa achemwali anga wa ku Machinjiri ali ku Israel, akugwira ntchito ya kumunda. Nkhani za pawailesi zikangotchula mizinga, mayi ake amandiimbira ine ngati malume, ati poti ndidapita ku Chancellor College ndiye ndidziwa ngati nkhondoyi ithe. Lero ndiyesa kuwayankha pamaso panu.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife monga ena aganizira. Ubale wa dziko lino ndi Israel udayamba mu 1964, ndipo alangizi ochokera kumeneko adathandiza pophunzitsa Apayoniya. Mu 1973, maiko ambiri a mu Africa atadula ubale ndi Israel, a Kamuzu adakana kutero. Mu 1998, nthawi ya a Muluzi, Malawi idavomereza kuti Palestine ndi dziko. Mu Novembala 2023, nkhondo ili mkati, achinyamata athu 221 adakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo ena adawatsatira. Mu Epulo 2024 tidatsekula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Mu Sepitembala chaka chomwecho, maiko 124 a bungwe la United Nations atavota kuti Israel ichoke m'madera a Apalestina, Malawi idali pakati pa maiko 14 okha amene adakana. Kaya mukondwera nazo kaya ayi, dzina lathu lili m'kaundula wa nkhaniyi.

Tikumbutsane zimene zidachitika. Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Hamas lidalowa m'dziko la Israel n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri a iwo anthu wamba, ndi kugwira ena pafupifupi 250. Mwa ophedwawo mudali anyamata awiri a ku Tanzania amene adapita kukaphunzira zaulimi, ndiponso antchito ambiri a ku Thailand. Malo amene ana athu adakalowa m'minda muja adasiyidwa ndi Athailand othawa ndi Apalestina amene zitupa zawo zogwirira ntchito zidathetsedwa. Israel idabwezera ku Gaza. Gaza ndi kadziko ka makilomita 41 m'litali, mtunda wosafika n'komwe kuchokera pano kukafika ku Zomba, koma mudapanikizana anthu oposa 2 miliyoni. Pofika Okutobala 2025, unduna wa zaumoyo wa kumeneko udawerenga akufa oposa 67,000, ambirimbiri mwa iwo amayi ndi ana. Amene mudakumba nawo matope ku Chilobwe namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 mukudziwa fungo la nyumba yogwera anthu. Ife zidatigwera masiku owerengeka, ndipo adatigwetsera ndi madzi. Iwo zaka ziwiri, ndipo wogwetsa adali munthu.

Pa 10 Okutobala 2025 mbali ziwirizi zidaleka kuomberana potsatira ndondomeko ya boma la America. Patatha masiku atatu, ogwidwa 20 amene adali moyo adabwerera kwawo, ndipo Israel idamasula Apalestina pafupifupi 2,000. Achemwali anga adavina. Ine ndidawauza kuti avine ndithu, koma kuleka kuomberana ndi chinthu china, mtendere ndi chinthu china. M'miyezi yotsatira anthu adapitirira kufa ku Gaza.

Chifukwa chimene ndidanenera choncho chili m'chaka cha 1993. Ambiri a ife tidali mu Sitandade 7. Pa 14 Juni makolo athu adaponya voti ya riferendamu, nyali kupambana tambala. Patangotha miyezi itatu, pa 13 Sepitembala, Yitzhak Rabin wa ku Israel ndi Yasser Arafat wa Apalestina adagwirana chanza ku Washington pa pangano lotchedwa la Oslo. Pa 4 Okutobala 1992, a Chissano ndi a Dhlakama adali atasaina mtendere wa Mozambique ku Rome. Ndikukumbukira bambo anga ku Ndirande atakumbatira wailesi, akuti, "Ana inu muli ndi mwayi, nkhondo zonse zikutha." Pa nkhani zitatu zija, ziwiri zidagwira, imodzi idagwa. Funso langa lakhala lakuti, chifukwa ninji?

Tiyambe ndi kwathu kuno. Mu Meyi 1992 ine ndidaona ndi maso anga anthu akuthamanga ndi katundu pamutu, mfuti zikulira m'tauni, ndipo anthu adafa. Dziko likadatha kuyaka. Chidatipulumutsa n'chakuti mu bungwe la PAC mudakhala ansembe, abusa, mashehe, maloya ndi amalonda, ndipo boma lidavomera kukhala nawo pa tebulo limodzi. Komabe voti itatha padatsala chinthu chimodzi choopsa: Apayoniya adali ndi mfuti zawo, osamvera asilikali kapena apolisi. Mu Disembala 1993, asilikali ena ataomberedwa ku Mzuzu, gulu lathu lankhondo lidachita zija tidazitcha Bwezani. Sizidali zokongola, anthu adafa, ena adathawira ku Mozambique. Koma pofika pa 17 Meyi 1994 m'dziko mudali mfuti za boma zokha, ndipo a Kamuzu atagonja adavomera pawailesi. Amalawi adalanda mfuti Amalawi anzawo.

Ku Mozambique nako, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira kuno, moti ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Zokambirana za ku Rome zidatenga zaka ziwiri, akhalapakati ake a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi Akibishopu wa ku Beira. Renamo idasanduka chipani, ndipo pa chisankho cha 1994 idapeza mipando 112 mwa 250. Msilikali wa m'tchire adaona kuti akatula mfuti sapita kumanda, apita ku nyumba ya malamulo. Zidabwereranso pang'ono mu 2013 mpaka pangano lina la 2019, koma othawa kwawo aja adabwerera n'kukapeza minda yawo.

Tsono yang'anani pangano la Oslo. Mu Febuluwale 1994 Myuda wina adalowa mu mzikiti ku Hebron n'kupha Asilamu 29 akupemphera. Hamas idayamba kuphulitsa mabasi m'mizinda ya Israel. Pa 4 Novembala 1995 Rabin adaomberedwa, ndipo womuombera sadali Mpalestina, adali Myuda mnzake wokana kugawa dziko. Anwar Sadat wa ku Egypt naye, atapangana mtendere ndi Israel mu 1979, adaphedwa mu 1981 ndi asilikali akwawo. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Kugwirana chanza ndi mdani n'kovuta, koma chovuta kwenikweni ndi kubwerera kunyumba kukauza mbale wako kuti, "Bweza mfutiyo, choka pamundapo." Ku Israel ndi ku Palestine atsogoleri adachita choyambacho, chachiwiricho chidawakanika.

Ndivomere kuti fanizo langali lili ndi polekezera. Ife ndi a ku Mozambique tinkalimbirana mpando, ndipo mpando voti imaweruza. Anzathuwa akulimbirana nthaka. Mu 1947 United Nations idati dzikolo ligawidwe pawiri. Ayuda, amene anzawo 6 miliyoni adali ataphedwa ku Ulaya, adavomera. Aluya adakana, ati mungagawe bwanji munda wathu ife tilipo. Pa nkhondo ya 1948 Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa, ndipo sadaloledwe kubwerera. Mu 1967 Israel idalanda West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem. Amene kwanu ndi ku Thyolo kapena ku Mulanje simusowa womasulira. Agogo akaloza munda wa tiyi n'kunena kuti manda a makolo athu ali pansi apo, mdzukulu saiwala, pakuti mlandu suola. Ndipo inu a ku Ndirande mukudziwa kuti mkangano wa malire a puloti umakula mnzako akamaonjezera chipinda mlandu uli kwa amfumu. Pamene ankasaina pangano la Oslo, Aisraeli okhala m'midzi yomangidwa ku West Bank adali cha m'ma 110,000. Patatha zaka 30 adafika pafupifupi 500,000, osawerengera a ku Jerusalem. Mpalestina akaona zimenezi amati kukambirana n'kupusitsidwa. Mwisraeli naye amati, mu 2005 asilikali athu adatulutsa anthu athu pafupifupi 8,000 ku Gaza, malipiro ake tidalandira mizinga ndi 7 Okutobala. Aliyense ali ndi chipsera choonetsa, ndipo zipsera zonsezo n'zenizeni.

Ndiyankhule pang'ono kwa anzanga awiri aja, andikhululukire. Akulu a mpingo, Israyeli amene timawerenga m'Baibulo si boma limene lidakhazikitsidwa mu 1948, lokhala ndi zipani, nduna ndi zisankho ngati maboma ena onse. Aisraeli eni ake amalidzudzula m'misewu ya Tel Aviv. Ku Bethlehem kuli Akhristu, ndipo ndi Apalestina. Tchalitchi cha Katolika cha ku Gaza chidaombedwa mu Julaye 2025, anthu atatu n'kufa. Achimwene a ku Bangwe, pa 7 Okutobala padaphedwanso Asilamu okhala mu Israel, ndipo pa nzika zisanu zilizonse za dzikolo imodzi ndi Mluya. Gulu limene lidapha ana a ku Tanzania aja silikadafunsa mwana wa ku Machinjiri kuti amapemphera kuti. Tikaisandutsa nkhondo ya tchalitchi ndi mzikiti, taitengera ku Bangwe nkhondo imene kwawo komweko si yotero. Ndipo tisaiwale kuti mu 1999, chisankho chitatha, mizikiti idatenthedwa m'dziko muno.

Nanga chiyembekezo chilipo? Zilipo zinthu zimene sindingazinyoze. Pangano la Egypt la 1979 ndi la Jordan la 1994 adapirira nkhondo ya ku Gaza osaduka, kusonyeza kuti pepala likhoza kugwira ngati malire alembedwa momveka. Mu 2002 maiko a Aluya adalonjeza ubale ndi Israel ikabwerera ku malire a 1967. Mu Sepitembala 2025 Britain, France, Canada ndi Australia adavomereza dziko la Palestine. Kulinso bungwe la Parents Circle, la mabanja a mbali zonse ziwiri amene adataya ana awo pa nkhondoyi, ndipo amayenda limodzi kukayankhula kwa anthu. Amenewo ndimawapatsa ulemu kuposa atsogoleri onse ndatchulawa.

Koma mbali inayo ndi yolemera. Mu Julaye 2024 nyumba ya malamulo ya Israel idavota, 68 kwa 9, kukana dziko la Palestine. Apalestina adasankha pulezidenti mu 2005 ndi aphungu mu 2006, kenaka mu 2007 Hamas ndi Fatah adamenyana okhaokha n'kugawana madera. Mbadwo wonse udakula osaponyapo voti yosankha mtsogoleri wa dziko. Ndani tsono angasaine m'dzina lawo, anthu n'kumumvera? Choncho yankho langa kwa achemwali ndi ili: mfuti zikhoza kukhala chete miyezi ngakhale zaka, ndipo mwana wanu akhoza kumaliza kontirakiti yake bwinobwino, koma mtendere weniweni sindikuuona pafupi. Ine sindidzatengeka ndi chithunzi china cha kugwirana chanza ku Washington, ndidachiona kale ndili mu Sitandade 7. Ndidzayamba kukhulupirira tsiku limene msilikali wa Israel adzatulutse Mwisraeli mnzake pa phiri la ku West Bank, ndipo wapolisi wa boma losankhidwa ndi Apalestina adzalande mfuti Mpalestina mnzake, zonsezi mwezi umodzi, aliyense akuona kuti mnzake akulipiranso.

Ndisanakhale pansi, mawu amodzi kwa makolo. Kwacha yathu idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwezi womwewo ana aja adanyamuka, ndipo sindingadzudzule mnyamata wa digiri wogulitsa mayunitsi pa msika wa Limbe akafuna kupita. Koma mu 2024 ena adabwezedwa kuno atachoka m'minda kukafuna ntchito m'tauni, podandaula za malipiro. Mwana wanu asadasaine, mudziwe dzina la mudzi umene akupita, mtunda wake kuchokera ku Gaza kapena ku malire a Lebanon, ngati pamundapo pali pobisalira mizinga, ndalama zimene azimudula, ndi amene adzalipire ndege zinthu zikavuta. Ife a kwathu sitidafunse, tidangomuperekeza. Amene muli ndi pepala lotere kunyumba mundipeze tikatha kudya, tiliwerenge limodzi.

Belu lija lalira. A msungichuma andituma kuti ndikumbutse kuti buku la zopereka za denga la laibulale lili pakhomo, ndipo m'mawa uno ndaonamo maina onse awiri aja.