MAU A MLEMBI WA BUNGWE: ZA KUWERENGA MBALAME



Kapena ena adzati nkhani ya mbalame iyenera anyamata a ulimbo, si akuru ai. Koma ndipempha mundilole ndinene.

Kale ku America kunali mwambo wakuti pa tsiku la Khrisimasi amuna anagawikana magulu awiri, nalowa m'thengo ndi mfuti. Ndipo gulu lakupha zambiri ndilo linapambana. M'caka ca 1900 munthu wodziwa za mbalame, dzina lace Frank Chapman, anapempha anzace kuti aziwerenge m'malo mwa kuzipha. Anabvomera anthu 27 okha, nawerenga m'malo 25, kuyambira ku Toronto kufikira ku California.

Nchitoyo sinaleke kufikira lero, ndipo bungwe la Audubon ndilo liiyang'anira. Caka ndi caka, kuyambira pa 14 December kufikira pa 5 January, anthu zikwizikwi aturuka mwa kufuna kwao, osalandira malipiro. Gulu liri lonse lipatsidwa dera lozungulira, la mamailosi 15 m'mimba mwace. Liyendamo tsiku limodzi, nililemba mtundu uli wonse wa mbalame ndi ciwerengo cace.

Phindu lace ndi ili. Ciwerengo ca caka cimodzi sicitiuza zambiri. Koma pakulinganiza mabuku a zaka makumimakumi, kucepa kwa mtundu kuoneka usanathe. M'dziko lomwelo munali njiwa zocuruka kotero kuti pouluka zinaphimba dzuwa, ndipo anthu anayesa kuti sizidzatha. Koma yotsiriza inafera ku Cincinnati mu 1914. Akuru anati, cakudza siciimba ng'oma.

Tsono tiyang'ane kwathu. Nyanja ya Cilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995; ndipo zikasowa nsomba, anthu a kumeneko atembenukira kumisampha ya mbalame kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Njala sitingaitsutse. Koma mfumu idzaweruza bwanji za nyengo yakuchera ndi nyengo yakuleka, ngati sidziwa kuti abakha ndi atsekwe alinkucuruka kapena alinkutha?

Cifukwa cace ndipempha kuti mfumu iri yonse yokhala ndi dambo kapena thamanda isankhe anthu atatu: awiri odziwa maina a mbalame, ndi mmodzi wodziwa kulemba. Awerenge pamalo pomwepo, mwezi womwewo, caka ciri conse. Ndipo bukulo lisungike kwa mfumu, kuti adzukulu adzakhale ndi mboni.

Mau anga athera pompa.