Nsimbi nayonso imalema: mau kwa amalonda pa msonkhano wa ku Mlolo



Nyengo ya mashoo ikafika, kucokela kuno ku Chadiza, ku Chipata mpaka ku Showgrounds ku Lusaka, ndimwe mumayala malonda pafupi ndi makina ozungulutsa ana. Okwelapo ni ana anu. Ndiye mvetselani.

Tengani waya, muupinde uku ndi uku. Koyamba suduka. Pitilizani, uduka wekha popanda mpeni. Nsimbi ya makina aja nayo ni cimodzimodzi. Ikanyamula anthu, kutsitsa, kunyamulanso, kambilimbili, pamayamba kamng'alu kocepa ngati tsitsi, makamaka powotcelela ndi pa mabawuti. Kamakula pang'onopang'ono, osaoneka, mpaka tsiku limodzi nsimbi n'kuthyoka. Foloko ya njinga yonyamula matumba a cimanga imathyoka mwa njila yomweyi. Mvula ikalowa mkati, dzimbili limadya nsimbi, ndipo kulemako kumafulumila.

Pa 26 July 2017, pa shoo ya ku Ohio ku America, makina ochedwa Fire Ball anathyoka anthu ali m'mwamba. Mnyamata wa zaka 18 anafa, ena 7 anavulala. Makinawo anali atayendeledwa tsiku lomwelo. Kampani imene inawapanga inati dzimbili linadya nsimbi mkati. Manje ngati maso a oyendela anaphonya, nanga penti watsopano angatiuze ciani?

Mwana asanakwele, yang'anani powotcelela. Mukaona mzele wa dzimbili, penti wong'ambika, waya m'malo mwa bawuti, kapena mukamva kulila kwacilendo, musamukweze. Funsani mwini wake: anapima ndani, ndipo liti? Kupima kwenikweni amagwilitsa nchito mankhwala amtundu olowa m'ming'alu, maginito, kapena makina oona mkati mwa nsimbi.

Kwa khonsolo tikuti: mumatolela ndalama pa msika tsiku lililonse. Musapeleke malo kwa mwini makina popanda pepala la injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo pepalalo lipacikidwe pa geti, aliyense aziwelenga.

Ngozi ikacitika, shoo imatsekedwa, katundu wanu wa ngongole n'kutsala m'manja. Koma ndalama zimabwelanso, mwana sabwela. Kauzeni anzanu pa msika.