MBIRI YA CHIPATALA CHA BOTTOM

Omvera a ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'maboma onse, nkhani ya lero ndi ya chipatala chakale cha mu mzinda wa Lilongwe, chimene achikulire amachidziŵa ndi dzina loti Bottom, koma lero chimatchedwa Bwaila.

Chipatalachi chidamangidwa m'nthaŵi ya atsamunda. Masiku amenewo ku Lilongwe kudali zipatala ziŵiri: cha kumtunda, chotchedwa Top, chidali cha Azungu, pamene cha kumunsi, chotchedwa Bottom, chidali cha eni dziko. Odwala a kumidzi ankafika kumeneko wapansi, pa njinga kapena pa ngolo, ndipo matenda a mtundu uliwonse ankaonedwa komweko.

Lilongwe atasanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975, anthu adachuluka ndipo chipatalacho chidachepa. Motero m'chaka cha 1977 padatsegulidwa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, chomangidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Ntchito zambiri zidasamukira kumeneko, koma ku Bottom kudatsala amayi oyembekezera, odwala chifuwa chachikulu ndi odwala matenda a maganizo.

Apa mpamene padagona vuto. Ana oposa 10,000 ankabadwira m'nyumba zakale zija chaka chilichonse. Mabedi adali ochepa, anamwino adali oŵerengeka, ndipo amayi ena ankagona pansi.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 2006, pamene bungwe la Lighthouse lidatsegula Martin Preuss Centre yothandiza odwala chifuwa chachikulu ndi Edzi. M'chaka cha 2009 padatsegulidwa nyumba zatsopano za azimayi oyembekezera, zomangidwa ndi thandizo la bungwe la Rose Project la ku Ireland. Pambuyo pake padatsegulidwanso malo ochizira amayi ovulala njira ya mkodzo chifukwa chochedwa pobereka.

Vuto lomalizali likhale phunziro kwa onse. Mayi akavutika nthaŵi yaitali kumudzi, mwana amatha kufera m'mimba ndipo mayiyo amavulala. Chipatala cha Mitundu ndi cha Nathenje chimatumiza ku Lilongwe amayi amene vuto lawo lakula, koma ulendowo umathandiza pokhapokha ngati mayi wafika msanga. Choncho inu abambo, anakubala ndi mafumu, onetsetsani kuti mayi wodwala pakati wayamba sikelo mimba ikadali yaing'ono, ndipo masiku ake akayandikira akadikirire kuchipatala.