Ulenje wa Mbalame Zoweta ku Pennsylvania: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka

Ndikufuna ndikambeko za mbalame yotchedwa pheasant. Ndi yofanana ndi nkhanga, koma tambala wake ali ndi mchira wautali. Kwawo ndi ku Asia. Bambo Owen Denny ndiwo anaitumiza ku Oregon kuchokera ku China m'zaka za 1881 ndi 1882.

Ku Pennsylvania mbalamezi zinaswana kwambiri mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kenaka alimi anadula tchire la m'malire a minda n'kuyamba kumweta udzu zisanaswe, ndipo zinatha. Lero boma limaziweta m'makola, n'kumazitaya m'malo ake osakirako nyama. Nyengo yosaka ikatsegulidwa mu Okutobala, alenje amakhamukirako ndi agalu awo. Aliyense amavala zofiirira zowala kuopa kuomberana, ndipo saloledwa kupha zoposa ziwiri patsiku. Kuyambira 2017, amagulanso chiphaso chapadera chothandizira ntchito yowetayo.

Koma mbalame yokulira m'khola sidziwa nkhandwe kapena kabawi. Zambiri zopulumuka mfuti zimajiwa zisanaikire mazira, motero chaka chilichonse boma limayambiranso.

Anzanga, nkhwali ndi nkhanga zathu zikadalipo, ndipo palibe amazigulira chakudya. Chimene zikufuna ndi tchire basi. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tikabwerera kumudzi, tikakambirane ndi mafumu za moto wolusa chilimwe chisanafike.