Mndandanda wa madandaulo uja, analemba ndani?

Ena mwa ife tagwira choko zaka zambiri. Ena mwangotuluka kumene ku TTC ndipo mukudikira kuti boma likulembeni ntchito. Ena simunaphunzitsepo, koma kwanu kuli mayi kapena achemwali amene amafika pakhomo madzulo mawu atasasa. Nkhaniyi ndi yathu tonse.

Tiyambe ndi kukumbutsana. Mu 2017 aphunzitsi a pulayimale ananyanyala ntchito chifukwa ndalama za leave grant zinachedwa, mpaka ana asukulu analowa m'misewu kufuna kuti aphunzitsi awo alipidwe. Mu 2021, Covid-19 ili mkati, bungwe la aphunzitsi la TUM linaitanitsanso sitalaka pofuna alawansi ya chiopsezo. Ife tinalipo. Tinakhala pansi pa mitengo, makolo akutinena, kunyumba akutifunsa kuti akakuchotsani ntchito tidya chiyani. Sitalaka popanda aphunzitsi aakazi siingagwire, zimenezo aliyense akudziwa. Koma tadzifunsani: pepala la madandaulo likamapita ku Capital Hill, ndi angati mwa ife amene amakhala patebulo pomwe likulembedwa?

Musatimve molakwa. Leave grant ndi yathunso, malipiro ndi athunso. Bungweli talifuna ndipo tikulifunabe. Kungoti pali zina zimene zimatipweteka ife, zomwe sizifika papepala chifukwa wozimva kuwawa sanalowe m'chipindamo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Taganizani za mtsikana amene wangolembedwa ntchito, amutumiza kusukulu yakutali, nyumba yake chitseko n'chotsekera ndi mwala, chimbudzi n'chimodzi ndi ana asukulu. Akapempha kusamutsidwa, wina muofesi amamuuza kuti, "Tikambirane bwino madzulo, ndipatseni nambala." Akakana, kalata yake imasowa. Akapita kwa ahedi, amamuuza kuti apirire, onse anayamba choncho. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu. Lamulo lomwelo likuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 alionse, komanso asachepere 40. Zili bwino. Koma lamulo liribe miyendo, amayi. Pamafunika munthu woti amugwire dzanja mtsikanayo, apite naye kuofesi, akhale pambali pake polankhula, ndipo mawa abwererenso kukafunsa kuti nkhani ija ili pati. Imeneyo ndiyo ntchito ya bungwe. Ndipo mtsikana ameneyu nkhani yotere angaiulule msanga kwa ndani, kwa abambo anayi atakhala pabenchi, kapena kwa mayi mnzake amene ali ndi udindo?

Palinso zija timangoziona ngati mwambo. M'sukulu zambiri Sitandade 1 ndi ya amayi, ana oposa 100, ena akulira, ena adzikodzera. Sitandade 8 ndi ya abambo, kumene zotsatira za mayeso zikatuluka dzina limamveka. Nthawi yokwezedwa ikafika, eti tikudabwa.

Ndiye titani? Utsogoleri wa bungwe suyambira ku Lilongwe ayi. Umayambira pasukulu ndi kuzoni, pamsonkhano uja wa ku TDC umene ambirife timathawa chifukwa tikuthamangira kukaphika. Kumeneko ndi kumene manja amakwezedwa. Ndipo tikapezekako, tiyeni tivomereze, timadziwa kale mpando umene atisungira: msungichuma, "chifukwa amayi saba", kapena komiti ya zakudya. Kusunga ndalama si kochepa, koma msungichuma amawerenga zimene ena agwirizana kale. Tiyeni tifune uwapampando. Tifune ulembi. Mlembi ndiye amakonza mitu ya zokambirana, ndiye amalemba maminitsi. Nkhani imene mlembi sanailembe, pakatha mwezi imakhala ngati sinanenedwe n'komwe.

Ngati payslip yanu ikuonetsa kuti mumadulidwa ya bungwe, mpando wanu munalipira kale. Funsani malamulo a bungwelo muwawerenge: zisankho zimachitika liti, amaima ndani, amavota ndani. Ambiri amene amatiopseza ndi mawu akuti "malamulo salola" nawonso sanawawerenge.

Pali chifukwa chinanso chofunira atsogoleri okonzeka. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Labour Relations Act, moti olemba ntchito akhoza kudula malipiro a wogwira ntchito akanyanyala kupitirira masiku 3 pachaka. Sitalaka tsopano ndi yodula, makamaka kwa mayi amene akulera yekha ana. Ndiye nkhondo yambiri ikhala ya patebulo, ndipo patebulo sapambana wokuwa kwambiri. Amapambana amene wabwera ndi kope: aphunzitsi angati muzoni muno sanalandire ndalama zawo, kuyambira mwezi uti, ndani wakhala pagiredi imodzi zaka zingati. Ife timasunga rejisitala ya ana 100 tsiku ndi tsiku. Kope limeneli lingatikanike?

Akunenani, zimenezo tisanamizane. Adzati mukufuna kuoneka, adzati banja lakukanikani, adzafunsa kuti mwagona ndi ndani kuti mufike pamenepo. Ndipo chowawa n'chakuti ena onena adzakhala akazi anzathu mu staff room momwemo. N'chifukwa chake sitikuti mupite nokha. Pitani atatu. Wina atchule dzina, wina avomereze, wachitatu akhale maso powerenga mavoti. Woimayo akakhala ndi mwana wa kumsana, tikhalepo omulandira pomwe iye akulankhula.

Musanachoke pano, aliyense atchule m'mtima mphunzitsi mmodzi wamkazi amene pasukulu pake anthu amathamangirako zinthu zikavuta. Muimbireni lero, mumufunse kuti zisankho za kuzoni kwawo zili liti.