Njinga ikangoti zii m'mawa, musathamangire sipanala

Andipatsa mphindi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Ambiri muno mumayendetsa kabaza, ena pa Mitundu, ena pa Nathenje, ndipo njinga zambiri si zanu, ndi za abwana amene madzulo amafuna ndalama yawo yathunthu. Ndiye taganizani: 5 koloko m'mawa, mayi akudikira ndi madengu a tomato, mwadina sitata, njinga yangoti zii. Chimene ndimaona n'choti munthu amayamba kumasula pulagi, kenako kabyuleta, m'mawa wonse n'kuthera pomwepo. Anzanga, pulagi ndi petulo timazikayikira injini ikamazungulira koma osalira. Ngati siikuzungulira n'komwe, kawirikawiri vuto limakhala ku magetsi.

Choyamba lizani hutala. Ikalira mofooka ngati mbuzi yodwala, kapena mukadina sitata n'kumangomva ke-ke-ke, moto sukukwana. Batire la njinga ndi la 12 volts, ndipo labwino akalipima limaonetsa cha m'ma 12.6. Koma musafulumire kugula lina. Tsegulani kaye muone mitu ya batire. Misewu yathuyi mukuidziwa, mabampu amamasula mawaya, ndipo nthawi zina pamamera kaufa koyera kotchinga moto. Chotsani mawaya, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, pukutani, mangani zolimba. Komanso enanu mwadzaza njinga ndi tinyale, wailesi ndi potchajira foni, ndiye batire lisathe bwanji?

Hutala ikalira bwinobwino koma sitata ili phee, onani kabatani kofiira kozimitsira injini kaja, ngati njinga yanu ili nako. Musaseke. Ine ndinakankhapo njinga mtunda wautali, thukuta kamukamu, kukafika kwa makaniko iye anangodina kabatani kameneka njinga n'kulira. Mwana wa mlongo wanga ndiye anali atakaseweretsa. Onaninso kuti giya ili pa nyutulo, kapena gwirani kilatchi, chifukwa njinga zina sizilola sitata kugwira ntchito zili m'giya.

Pakakhala palibe chilichonse, hutala ayi, nyale ayi, yang'anani fyuzi pafupi ndi batire. Ikapsa ikanipo ina ya nambala yomweyo. Zokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu zija, chonde tisiye. Fyuzi imapsa dala kuti mawaya asapse, ndipo yatsopano ikapsanso ndiye kuti pali waya wosupuka amene akugunda chitsulo. Kumeneko n'kwa makaniko basi.

Tsopano kiki. Ikatsika bwino njinga n'kulira, pitani mukagwire ntchito, koma tsiku lomwelo akakupimireni ngati batire likutchajika. Koma kiki ikalimba ngati mwala muli pa nyutulo, musaidumphire ndi thupi lonse. Onani oyilo kaye, mwina injini yagwirana. Ndipo ngati dzulo lake munawoloka madzi akuya, monga timachitira nthawi ya dzinja, mwina madzi alowa mu injini. Apo ndiye pomasula pulagi. Ikatuluka pondani kiki pang'onopang'ono madzi atuluke, ndipo oyilo akaoneka ngati tiyi wa mkaka musinthe musanalize.

Loweruka likubwerali ndibweretsa kachipangizo kopimira batire, amene akufuna abwere ndi njinga yake.